Dzanja la Bambo ndi Ka X Konama

Bambo anatuluka m'chipatala dzanja lawo lamanja litafumbata ngati labisa kanthu. Adokotala anati inali sitiroko yaing'ono. Kwa ife sinali yaing'ono, chifukwa bambo ndi wolemba zikwangwani, ndipo dzanja limenelo ndi limene linalemba mayina a masitolo ambiri mumsewu wathu: pometera tsitsi, pogulitsa matayala, ngakhale pa sitolo ya mankhwala. Ine kuwerenga ndinaphunzirira pa zikwangwani zimenezo.

Patapita milungu ingapo zala zinayamba kutambasuka. Anayamba kugwira supuni, kenako kumanga okha mabatani a malaya, ngakhale ankachedwa mpaka tiyi kuzizira. Mayi wa mafizo kuchipatala anawalembera papepala dzina la tsamba lina la pa intaneti. Pa tsambalo pamabwera timadontho tofiira, kamodzikamodzi, ndipo munthu amayendetsa mausi n'kudina pa kadonthoko kasanazimirike. Anati azichita zimenezo tsiku lililonse kuti dzanja ndi diso zimvanenso.

Kunyumba kuli laputopu yakale imene achimwene anasiya popita kukagwira ntchito kutali. Ine ndinali nditangomaliza sekondale, ndikudikira zotsatira za mayeso, choncho ntchito yowakonzera inagwera ine. Ndinaiika patebulo la m'chipinda chakumbuyo, momwe muli matabwa ndi zitini za penti, n'kuilumikiza ku intaneti ya pafoni yanga. Bambo atayesa anadandaula kuti kamuvi ka mausi n'kakang'ono, kakuwasowa pa sikirini. Ndinafufuza mpaka ndinapeza pulogalamu yaulere yokulitsa kamuviko. Inandifunsa mafunso angapo m'Chingerezi, ine n'kumangovomera zonse mwachangu osawerenga, poti bambo anali chiimire kumbuyo kwanga ndipo munthu akamandiyang'ana manja anga amachita thukuta. Kamuvi kanakula ngati chala chamanthu, kachikasu. Bambo anati tsopano akukaona bwino. Kenako anandiuza kuti ndituluke, nditseke chitseko.

Kuyambira tsiku limenelo ankadzitsekera m'mawa uliwonse amayi akangopita ku ntchito. Amayi amasita zovala kumalo ochapirako, amachoka kusanatenthe. Ine ndinkasiya foni yanga pawindo la chipindacho n'kumakasesa kapena kutsuka mbale. Bambo safuna kuti wina awaone akulephera chinthu. Ngakhale ali bwino, chikwangwani chikakhala kuti sichinathe ankachitembenuzira kukhoma.

Kunja ndinkamva phokoso la mausi, kenako nyimbo zachilendo, nthawi zina mawu a mzimayi akusangalala m'Chingerezi. Ndinkangoti ndi mmene masewerawo amachitira. Koma bambo ankatuluka nkhope itagwa. Anali ndi kope lakale lomwe kale ankalembamo miyezo ya matabwa, ndipo tsopano ankayenda nalo m'thumba la malaya. Tsiku lina analiiwala pampando. Ndinalitsegula. Tsamba lililonse linali ndi tsiku pamwamba, pansi pake timizere toimirira, tinayi n'kudula ndi kachisanu. Masiku oyamba timizereto tinali tochepa. Masamba omaliza anali odzaza mpaka m'mphepete.

Anasiya kumanga mabatani. Ankavala juzi yongolowetsa ngakhale kukutentha. Supuni anaibwezera ku dzanja lamanzere, lamanjalo n'kuliika pansi pa tebulo ngati mlendo amene sanaitanidwe.

Lachitatu madzulo tikudya, bambo ananena kuti aimbira foni amalume, mchimwene wa amayi, kuti abwere Loweruka adzatenge bokosi. Sanafunike kunena kuti bokosi liti. Ndi bokosi lathabwa lokhala ndi chogwirira chachikopa, momwe muli maburashi awo onse, ena aubweya wautali olembera zilembo zopindika, ena akale kuposa ine, ndi kandodo kokhala ndi mpira kunsonga kamene amatsamiritsapo dzanja polemba. Amalume amapenta magalimoto, ndipo zaka zonsezi akhala akuwapempha maburashiwo kuti azilembera mayina pa zitseko za malole. Bambo ankawayankha kuti burashi yawo siyopakira matope.

Amayi anaika supuni pansi. Anafunsa ngati mayi wa mafizo ndi amene wanena kuti dzanjalo silidzachira. Bambo anati safunika munthu wowauza, ali ndi umboni wolemba okha. Anagogoda thumba la malaya momwe munali kope lija. Anati dzanja likubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, ndipo kuli bwino maburashi akagwire ntchito kwina kusiyana n'kuti aumire m'bokosi akudikira munthu amene sadzabwera. Amayi anawauza kuti adikire mwezi umodzi wokha. Bambo anati anena kale. Ine ndinali duu, monga mwa masiku onse. Amalume amanditchula Nachete chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo dzinalo linakakamira moti ngakhale amayi amandiitana choncho.

M'mawa mwake ndinawatengera bambo madzi omwera mankhwala. Chitseko sichinatsekeke bwino. Ndinaima pakhomo ndi kapu m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona zimene ankachita.

Anakhala chowerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wa lamanja, nsonga ya lilime ili panja ngati mmene amachitira akamalemba chilembo chovuta. Kadontho kofiira kanabwera. Anakatsata pang'onopang'ono, n'kudina. Ndinaona ndi maso angawa kuti kamuvi kanali pakati penipeni pa kadonthoko. Koma nthawi yomweyo panatumphuka kawindo kotsatsa malonda, kokhala ndi chithunzi cha nsapato zonyezimira, n'kuphimba theka la sikirini. Bambo anapumira m'mwamba, anatenga pensulo, n'kulemba kamzere m'kope. Pakona pa kawindoko panali ka X kakang'ono. Anakalunjika, kamuvi kakunjenjemera, mpaka kanakhazikika pomwepo. Anadina. M'malo motsekeka, panatseguka timawindo tina tiwiri, kena kolonjeza mankhwala ochepetsa mimba, kena kakuthwanima kuti apambana foni. Bambo analemba timizere tiwiri.

"Bambo," ndinatero, mawu anga osamveka bwino, "mwadinatu bwinobwino."

Anadzidzimuka, n'kuphimba kope ndi chikhatho. Anandifotokozera ngati mwana wamng'ono kuti umu ndi mmene masewerawo alili: ukaphonya kadontho amakulanga ndi chithunzi, ndipo ukaphonyanso ka X amakuwonjezera chilango. Anati poyamba ankaphonya mwa apo ndi apo, koma tsopano akuphonya ngakhale asanadine n'komwe.

Ndinawapempha kuti ndiyese. Ndinadina ka X, timawindo n'kuchulukana ngati ngumbi. Ndinatembenuka kuti aone. Anandiyang'ana ndi maso achifundo, chimene chinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Waphonya dala kuti undisangalatse. Ndadwala dzanja ine, mayi, mutu uli bwinobwino."

Ndinaika kapu patebulo n'kutuluka.

Lachisanu bambo atagona masana, ndinaika laputopu m'chikwama changa cha kusukulu n'kupita kumsewu waukulu. Pakati pa sitolo ya nsalu ndi pogulitsa mafiriji akale pali kachipinda kopapatiza ka mayi wina wokonza mafoni ndi makompyuta, amene aliyense amamutchula Anti Mawaya. Ndinali ndisanalankhulepo nawo. Ndinadutsa pakhomopo kawiri ngati ndikupita kwina. Kachitatu anandiitana okha, osadzutsa mutu pa foni imene ankaitsegula. Anafunsa ngati ndikuyeza kutalika kwa khonde lawo kapena ndili ndi wodwala m'chikwamamo.

Mkatimo munkanunkha chitsulo chootcha. Pakhoma panali mawaya olendewera ngati zingwe zoyanikira, pa shelefu mafoni osweka omata timapepala. Anti anali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Anasuntha zomangira zawo, anatsegula laputopu, n'kuilumikiza ku intaneti. Sipanathe mphindi, nsapato zija zinatulukira, kenako mzimayi wosangalala uja. Anti anaseka. Anati matenda amenewa amawaona kawiri kapena katatu pa mlungu, si oopsa ngati mmene amaonekera. Anandifotokozera kuti muli kapulogalamu kobisala kamene ntchito yake ndi kuitana otsatsa malonda, ndipo munthu akadina paliponse, mwini kapulogalamuko amapindula. Ka X kaja anati si batani ayi, ndi chithunzi chabe, mbali ya malonda omwewo. Ngakhale dokotala wa opaleshoni atadina, kangatsegule ena.

Kenako anatsegula mndandanda wa mapulogalamu onse a mu laputopumo, n'kuwasanja potsata tsiku limene analowa. Pamwamba panali atatu olowa tsiku limodzi, pa 3 Ogasiti. Dzina limodzi ndinalidziwa. Linali la kamuvi kachikasu.

"Pa 3 Ogasiti kunyumba kwanu kunabwera ndani?" anafunsa Anti.

Tsiku limenelo ndi limene linalembedwa pamwamba pa pepala la mayi wa mafizo. Ndinawauza kuti sikunabwere munthu, ndinaika ndine. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, koma anangoti chaulere chimabwera ndi abale ake, ukatsegulira mmodzi awiri amalowera pansi pa mkono wako. Anati iwonso anaphunzira ntchitoyi atawononga kompyuta ya abwana awo oyamba. Anandionetsanso kuti laputopuyo ili nayo kale njira yake yokulitsira kamuvi, popanda kuitana mlendo aliyense.

Anayendetsa mausi kuti ayambe kuchotsa. Ndinaona kamuvi kakupita pa dzina lija, ndipo ndinaganiza za bambo. Ndikabwerera nayo laputopu ili yoyera, iwo akadina bwino popanda chilango, adzanena kuti ndafewetsa masewerawo kuti ndiwanyengerere. Bokosi lidzapitabe.

"Anti, musachotse kaye."

Anatsitsa magalasi apamutu, n'kukhala ndi awiri pamphuno, kundiyang'ana. Ndinafotokoza zonse, za dzanja, za kope, za bokosi ndi za Loweruka. Sindikumbuka kuti ndinalankhulapo mawu ambiri chotero kwa munthu wachilendo. Ndinati bambo akuyenera kuona munthu wa manja abwino akulephera, munthu amene sangalephere dala ngakhale atamulipira, ndipo munthu woteroyo akubwera yekha mawa.

Anti anang'amba chikatoni cha mabatire, n'kuyamba kulemba kuseri kwake ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, sitepe ndi sitepe. Anandichititsa kuwerenga mokweza kawiri, n'kundilozera malo aliwonse pa sikirini osadina. Anandichenjeza kuti pochotsa, mapulogalamuwo adzandichonderera ngati mwamuna wothamangitsidwa, ndisamve chisoni. Nditafunsa za malipiro anati iwo sanagwire ntchito, wogwira ndine, koma ndidzabwere ndidzawauze mmene amalumewo atathere. Ndinanyamula laputopu ndi matenda ake omwe, chikatoni ndili nacho m'manja ngati chiphaso.

Loweruka amayi anapita ku ntchito ya theka la tsiku. Pochoka sanalankhule ndi bambo. Bokosi linali kale pakhomo la chipinda chakumbuyo, atalipukuta fumbi. Cha m'ma naini tinamva galimoto ya amalume, imene imamveka isanakhote. Analowa atavala ovolosi yothimbirira mitundu yonse ya penti, akufuula moni kuyambira pageti. Anafunsa bambo ngati akadali ndi moyo kapena abwere ndi maluwa. Bambo anawayankha kuti maluwa akawagulire galimoto yawoyo, ndi imene yatsala pang'ono. Anthu awiriwa sanayambe apatsanapo moni wabwinobwino chikwatirane bambo ndi amayi.

Koma amalume ataona bokosi, nthabwala zinawathera. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti palibe changu, akhoza kudzatenga tsiku lina. Bambo anati atenge lero.

Ine ndinali nditayatsa kale laputopu patebulo. Ndinati, "Amalume, musanapite, tayesani masewera a bambowa."

"Nachete walankhula? Alamu, lembani tsikuli m'kope lanulo."

Bambo anandiyang'ana mokayikira. Ndinafotokozera amalume za timadontho, n'kuwonjezera kuti bambo akuti ndi ovuta moti munthu wamba sangathe. Mawu akuti munthu wamba anagwira ntchito. Amalume anakhala pampando, anapinda manja a ovolosi, n'kunena kuti dzanja lawo limajambula mzere wowongoka kuzungulira basi yonse popanda tepi, ndiye timadontho ta ana sitingawaopse. Anauza bambo kuti ayandikire aphunzire.

Anadina kadontho koyamba. Nsapato zinabwera. Anati zimenezo n'zazing'ono, n'kudina ka X mwamphamvu. Timawindo tiwiri. Anadina kena. Mzimayi uja anayamba kusangalala, nyimbo ikulira, kawindo kena kakuwauza kuti laputopu ili pa ngozi. Amalume anayandikitsa nkhope pa sikirini, anagwira mausi ndi manja awiri, n'kudina pang'onopang'ono ngati akulowetsa ulusi mu singano. Timawindo tinasanjikizana mpaka timadontho tofiira sitinkaonekanso.

Bambo anali atayandikira osadziwa. Anaweramira paphewa pa amalume, maso ali pa kamuvi.

"Tabwerezani, alamu. Apo, pakona."

Amalume anabwereza.

"Mwadinatu pakati penipeni," anatero bambo, motsitsa mawu, ngati akudziuza okha.

"Nanga ndikudina pati? Chinthu chanuchi n'cholodzedwa. Mukundipatsa mausi yakufa kuti mundiseke."

Bambo anayamba kuseka. Chiyambire matenda aja kuseka kwawo kumakokera mbali imodzi ya kamwa, ndiye ankapewa. Tsikulo sanabise. Anaseka mpaka anagwira tebulo, akufunsa amalume ngati basi ija anaizungulira ali maso. Amalume anati mausi si burashi, ndipo munthu wanzeru sapikisana ndi makina. Kenako bambo anasiya kuseka, anatulutsa kope m'thumba, analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

Ndinatulutsa chikatoni cha Anti. Ndinawauza kumene ndinapita dzulo lake ndi zimene ndinamva: kuti timawindoto si chilango cha masewera, timabwera munthu aphonye asaphonye, ndipo ka X ndi chithunzi chabe. Bambo anafunsa kuti chithunzi bwanji. Ndinati chojambula kuti chioneke ngati batani. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati zimenezo akuzidziwa. Kalekale mwini sitolo wina anawapempha kuti ajambule chitseko pakhoma lopanda kanthu kuti sitolo ioneke yaikulu, ndipo anachijambula bwino kwambiri moti anthu ankagogoda, wina mpaka anakankha ndi phewa. Anati amene anapanga ka X aka ndi mnzawo wa ntchito, kungoti ndi wakuba.

Ndinawapatsa chikatonicho kuti aziwerenga, ine ndizichita. Amalume anandisiyira mpando, akung'ung'udza kuti iwo anadziwa kale kuti vuto si iwo.

Bambo anawerenga sitepe yoyamba, mawu akutuluka mochedwa koma omveka: zimitsa intaneti. Ndinazimitsa pafoni, ndipo nyimbo ija inaduka pakati. Yachiwiri inali kutseka timawindo tonse pogwiritsa ntchito mabatani a pa kiyibodi, osakhudza ka X. Tinazimirika kamodzikamodzi mpaka sikirini inayera. Yachitatu inali mndandanda wa mapulogalamu, wosanjidwa potsata tsiku.

Mayina atatu aja anakwera pamwamba. Ndikanatha kuwachotsa msanga osanena kanthu, bambo sakanafunsa. Koma anali atakhala milungu yonseyo akuimba mlandu dzanja lawo, ndipo ndinaona kuti mlanduwo ukufunika mwini wake weniweni.

"Awa analowa tsiku limene ndinakukulitsirani kamuvi. Ndinawalowetsa ndine. Sindinawerenge zimene ankafunsa."

Sindinadzutse mutu. Ndinkangoona mawondo a ovolosi ya amalume ndi masilipasi a bambo.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikumenyana ndi alendo ako?"

"Eya, bambo. Pepani."

"Amene anadandaula za kamuvi ndani? Amene anatseka chitseko ndani?" Anagogoda chikatoni ndi chala. "Tiye, sitepe yachitatu sinathe."

Amalume anati pabanja pano aliyense ndi wolakwa kupatula iwo, ndipo bambo anawauza kuti akhale chete, anthu akugwira ntchito.

Monga ananenera Anti, mapulogalamuwo anachonderera. Yoyamba inafunsa ngati ndatsimikizadi, itaika batani lalikulu lobiriwira lakuti ikhale, ndi kena kotuwa, kobisala pansi, kakuti ichoke. Bambo anakaona ine ndisanakaone. Analoza ndi chala cha dzanja lamanja, n'kunena kuti munthu akalemba zilembo zazing'ono chotero ndiye kuti zoona zake zili pamenepo. Yachiwiri inalonjeza kuti isintha. Yachitatu inachoka mwakachetechete, ndipo kamuvi kachikasu kanapita nayo, n'kutsala kakang'ono koyera kaja. Ndinapita kumene Anti anandionetsa, n'kukakulitsa ndi njira ya laputopu yomwe. Kanali koyera, kosakongola, koma bambo anati kakuoneka.

Panatsala masitepe ena. Mu pulogalamu yotsegulira intaneti munali tinthu tiwiri towonjezera timene palibe anatiitana, ndinatichotsa. Munalinso mndandanda wa masamba ololedwa kutumiza mauthenga, wautali ngati wa oitanidwa ku ukwati, ndipo onsewo analoledwa ndi ka X kaja. Ndinawafufuta limodzilimodzi bambo akuwerenga mayina awo molakwitsa dala. Pomaliza ndinabwezera pulogalamuyo mmene inalili poyamba, ndinayatsa chofufuzira tizilombo cha mu laputopu momwemo, n'kudikira. Amalume anapita kukhitchini kukadzithirira madzi. Chitamaliza ndinazimitsa laputopu, kuiyatsanso, n'kulumikiza intaneti.

Tsamba la timadontho linatseguka lokha, loyera, lopanda nyimbo. Pansi pake panali kabokosi kowerengera, kamene timawindo tija tinkakaphimba masiku onsewa. Masewerawo ankawerenga okha.

Bambo anakhala pampando. Sanatiuze kuti tituluke. Anagwira mkono ndi dzanja lamanzere, kenako anausiya. Kadontho koyamba anakapeza. Kachiwiri anakapeza. Kachitatu kanazimirika asanafike, ndipo anakhwinyata kudikira chilango, koma sichinabwere, panangobwera kadontho kena. Timadontho makumi awiri titatha, kabokosi kanalemba kuti apeza khumi ndi tinayi.

Tisanu ndi kamodzi anali atatiphonyadi, ndipo ine ndinaona kuti pa tiwiri mwa ito dzanja linagwedezeka pa nthawi yodina. Bambo nawonso anaona. Anatembenuza dzanjalo, kuliyang'ana kuchikhatho ndi kuseri, ngati mmene amayang'anira thabwa asanaligule.

Amalume anatsokomola. Anati popeza nkhani yatha, iwo anyamule katundu wawo azipita, malole akuwadikira. Anawerama n'kugwira chogwirira chachikopa chija, akundiphethira diso.

"Alamu, siyani bokosilo."

"Munandiitana nokha."

"Ndinaitana munthu woti amatha kudina ka X. Inu ayi."

Amalume analisiya, akudandaula mokweza za mafuta a galimoto amene awotcha pachabe ndi za alamu osasunga mawu. Ndinawaperekeza kugeti. Kumeneko anatsitsa mawu, n'kundiuza kuti usiku wonse sanagone poganiza kuti akalowa bwanji ndi bokosilo kunyumba kwawo mlongo wawo akadzamva. Anandisisita pamutu ndi dzanja lonunkha thina wosungunulira penti, n'kunena kuti ndikamuthokoze mayi wa mawayayo m'malo mwawo, koma ndisakamuuze zonse. Ndinadziwa kuti ndikawauza zonse, ndipo Lolemba sindikadutsa pakhomo pawo kawiri.

Nditabwerera ndinapeza bambo atakokera bokosi pakati pa chipinda n'kulitsegula. Maburashi ena anali atauma nsonga chifukwa anasiyidwa osatsuka bwino tsiku limene bambo anagwa ndi matenda aja. Anandituma palafini ndi kachitini. Anawaviika imodziimodzi, kuwafinya ndi nsanza, kuwawongola ndi zala. Anachedwa, ndipo kawiri konse burashi inawapulumuka n'kugwera pansi. Sindinaitole. Anawerama okha.

Kenako anasankha thabwa lakale lopakidwa zoyera, anandiuza kuti ndiligwire lisagwedezeke, anatsegula chitini cha penti wakuda. Anatsamiritsa dzanja pa kandodo kaja n'kukoka mzere kuchokera pamwamba. Unayamba wowongoka, pakati unanenepa, kumapeto unakhotera kumanzere. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anati mzere wotero sangamulipire nawo munthu, koma waposa wa amalume. Anaviikanso burashi n'kuyamba wina pambali pake.

Tinali pa mzere wachisanu ndi chiwiri pamene amayi anabwera. Ndinamva geti, kenako mapazi awo anaima pakhonde. Fungo la palafini ndi penti linali litadzaza nyumba yonse. Anafika pakhomo la chipindacho chikwama chili paphewa, anayang'ana bokosi lotsegula, thabwa, ndi bambo amene sanatembenuke n'komwe. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Anthu inu, simungatsegule mawindo? Zovala zonse zinunkha penti."

"Nachete wagwira thabwa," anatero bambo. "Tsegulani ndinu."